Sanakutukwaneni, koma onetsetsani mmene awalembera

Achemwali, mwafunsa ngati abwana anu anakutukwanani pokunenani ndi mawu akuti "titivate" kuntchito. Khazikani mtima pansi, abwana anuwo sanakutukwaneni. "Titivate" ndi kudzikonzakonza: kusisita tsitsi, kuwongola kolala, kudzola, kubwereranso pagalasi. Ndi mawu a anthu akuluakulu kuno ku Britain, achinyamata sawatchula kawirikawiri. Anayamba kulembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, nthawi imeneyo ena ankalemba "tidivate", ndipo akatswiri amaganiza kuti anachokera ku "tidy", kuika zinthu mwaudongo, n'kulumikizidwa mchira wofanana ndi wa "cultivate". Ku America amakonda "primp". Palinso "preen", amene kwenikweni amanena za mbalame ikamakonza nthenga zake ndi mlomo.

Komatu nditawerenga funso lanu thupi langa lachita tsembwe, chifukwa mawu omwewa anatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Ndinali pa naiti ku nyumba yosamalira okalamba, mu December. Amene mumagwira ntchito imeneyi mukudziwa, kusamba m'manja kosalekeza, sanitaiza pamwamba, kunja chisanu. Khungu lathuli limatuwa mbuu, zala kung'ambika mpaka magazi. Ndinali nditangomaliza kusambitsa agogo aamuna amene anadziipitsira, ndawasintha zofunda, ndawagoneka bwinobwino. Ndikudzola Vaseline m'manja pakhomo la chipinda chawo, analowa mayi amene ankatiyang'anira. Sanafunse ngati agogowo ali bwino. Anangoti ndikamaliza "titivating" ndikumbukire kuti belu likulira. Belulo linali la mbali yake, iye anali kukhitchini ndi foni!

Zikanathera pomwepo ndikanaiwala. Koma anakalemba m'buku la malipoti, ndipo m'malo mwa "titivating" analemba "titillating". Amenewa ndi mawu ena, ochokera ku Chilatini, poyamba ankatanthauza kugirigisha, lero amanena za kudzutsa chilakolako. Tangoganizani. Dzina langa, chipinda cha bambo wokalamba wodwala matenda oiwalaiwala, usiku, ndi mawu amenewo pamzere umodzi.

M'mawa manijala anandiitana. Chitseko chotseka, munthu wina ali pambali akulemba zonse. Akundifunsa kuti ndinkatani m'chipindamo, chitseko chinali chotsegula kapena ayi, ndinavala chiyani mkati mwa yunifomu. Ine mayi wa ana, wa mvano. Miyendo inkanjenjemera, m'kamwa mouma gwa. Ndinkangoganiza za visa, poti pepala lotilola kugwira ntchito kuno limachokera kwa olemba ntchito omwewo, ndi ana kumudzi amene fizi yawo imadalira manja ong'ambikawa. Anandiuza ndikadikire kunyumba. Sindinadye, sindinauze ngakhale amuna anga.

Anandipulumutsa ndi namwino wina wachizungu amene anamva mawuwo akunenedwa. Ine ndinaumirira kuti amuitane, ndinakana kusaina chilichonse, ndinakweza mawu mpaka anamuitanadi. Mayi uja atafunsidwa anangoseka, ati ndi kulakwitsa sipelo chabe. Kupepesa ayi, mpaka lero. Munthu wobadwira m'Chingelezi, amene ankandikonza katchulidwe tsiku ndi tsiku pamaso pa abale a okalamba, osadziwa kusiyanitsa mawu awiri a chinenero chake. Ndipo azungu anzake akamapaka lipisitiki m'ofesi sanawanenepo kanthu. Mafuta a m'manja mwa munthu wakuda ndi amene anali kudzikongoletsa.

Ndiye achemwali, musalimbane nawo. Akanena, sekani pang'ono, pitirizani ntchito, anthuwa agwira mpeni kumpini. Musakweze mawu m'ofesi pa zongonenedwa chabe. Koma chilichonse chimene alemba chokhudza inu, pemphani muchiwerenge nokha, chilembo ndi chilembo, ndipo chimene simukugwirizana nacho musasaine ngakhale akukakamizeni. Lembani tsiku, nthawi ndi amene analipo. Ngati amanena inu nokha za tsitsi kapena khungu, lamulo la kuno la Equality Act la 2010 limaletsa tsankho la mtundu pantchito, ndipo a ACAS, bungwe lothandiza pa mikangano ya kuntchito, amapereka malangizo ulere pafoni. Lowaninso yuniyoni vuto lisanafike. Mafutawo musasiye kudzola, palibe cholakwa, kungoti muzidzolera kubafa, mutatseka chitseko.