Buku lachiwiri limamera pa ngongole ya loyamba

Achemwali, mu imelo yanu mukuti mwafika mutu 5 wa buku lachiwiri la nthano yanu yaitali, koma mkonzi wakubwezerani ati mukungobwereza loyamba. Musamukwiyire, waona chenicheni.

Pamene buku loyamba limatha, mpangankhani wamkulu anali atapeza chimene ankafuna, tinene munda umene anamulanda. Njala yake inatha. Olemba ambiri amangomupezera mdani wina wofanana ndi woyamba uja, kusintha dzina lokha, ndipo owerenga amatulukira msanga. Lachiwiri liyenera kuchokera pa zimene anawononga kuti apambane: bodza limene ananena pabwalo la amfumu, mlongo wake amene sakumulankhulanso. Ngati loyamba silinasiye ngongole yotere, ine ndikuti musalembe lachiwiri, yambani nkhani ina. Anthu kukuumirizani pa Facebook si chifukwa chokwanira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona nkhani zabwino zikugwa pa tinthu ting'onoting'ono. Mwana amene anali Sitandade 3 akulemba mayeso a MSCE patangopita zaka 4, pomwe pafunika zaka 9. Agogo amene tinawaika m'manda pa tsamba 80 akutong'ola chimanga pakhonde. Ndalamanso zimaulula. Nkhani yochitika mu 2010 singakhale ndi munthu wogwira K2,000 ya pepala limodzi, poti inatuluka mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Ngati nkhani yanu ili ku Chilobwe ndipo yadutsa mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy simungamulumphe ngati kuti sanachitike. Ndiye pali kalembedwe: loyamba munalemba Malaŵi, lachiwiri Malawi. Kumeneko ndi kusasamala, ndipo wowerenga amene wagula buku ndi ndalama yake sayenera kukukhululukirani.

Zoti muchite

Imani kaye pa mutu 5 pomwepo. Tengani buku loyamba losindikizidwa, osati lija la mu kompyuta, chifukwa mkonzi anasinthamo zina. Liwerengeni ndi kope pambali, munthu aliyense tsamba lake: dzina, mfunda, zaka, mudzi, abale, chipsera ngati ali nacho, zimene akudziwa ndi zimene sakudziwa, komanso nambala ya tsamba pamene zalembedwa. Tsamba lina likhale la zaka ndi nyengo, kuti musakolole mu Disembala.

Zakale musazikhuthule m'mutu woyamba. Zikumbutseni ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri pamene zafunika. Mukamaliza, perekani kwa anthu awiri, wina amene anawerenga loyamba, wina amene sanaliwerenge. Woyambayo achonge pamene watopa, wachiwiriyo pamene wasokonezeka.

Musanapite nalo kwa osindikiza ena, onaninso mgwirizano umene munasaina, poti migwirizano ina imapatsa osindikiza oyamba mwayi woliona kaye. Lidzafunikanso ISBN yakeyake, nambala yozindikiritsa buku.