Foni imadziwa bwanji kuti ndaitembenuza?

Funso: Akonzi, ndimakonza mafoni pa Kamuzu Road ku Salima. Ndikatembenuza foni, chithunzi nachonso chimatembenuka. Imamva bwanji?

Yankho: Achimwene, mkatimo muli kachipangizo kochepa kuposa njere ya mpunga, kotchedwa accelerometer. Kali ndi timizati ta silikoni, topyapyala kuposa tsitsi. Mukapendeketsa foni, tina timasuntha pang'ono, mphamvu ya magetsi pakati pake imasintha, ndipo chip (kachipangizo kowerengera ka mufoni) imawerenga kusinthako. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti silikoniyo amamutenga mumchenga!

Ofufuza m'mayunivesite akuyesanso kupanga tizipangizo totere ndi graphene (kansalu kopyapyala kwambiri ka kaboni), imene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaipatula ku Manchester, m'dziko la England, mu 2004. Kuchindikala kwake ndi atomu imodzi yokha, motero imamva ngakhale kampweya kochepa kakaikhudza. Pomwe pavuta ndi kuimata pa chip osaing'amba kapena kuidetsa.