Asuweni, za nyanja ya ku Larnaca ija

Eee asuweni, ndamva funso lanu pa gulupu, akuti mbalame zapinki za pachithunzi zija ndi zenizeni kapena ndapanga pa foni. Hahaha inuyo ndimakudziwani, nkhani si mbalame ayi, mukufuna kudziwa ngati ndalama mukusunga zija mugulire tikiti ya August. Dikirani kaye.

Ndi zenizeni, ma flamingo. Nyanjayo ili pafupi penipeni ndi eyapoti ya Larnaca kuno ku Cyprus, ndi imodzi... ayi ndi zinayi, zitatu mwa izo zolumikizana, yaikuluyo amati Aliki, madzi ake mchere wokhawokha ndipo ndi yosazama, koma chilimwe chikafika imaphwa yonse pamangotsala mchere kuti mbee, kuthobwa m'maso.

Ndiye nditaiona koyamba itauma ndinakumbuka amalume a ku Kachulu, 1995 Chilwa itaphwa ija. Munali... aaa munali mwana inu, mamina ali chuu, simungakumbuke. Anzawo onse anagulitsa mabwato, ena anathawira ku Mangochi, iwo anakana kuti ine langa sindigulitsa. Analikokera pamthunzi nkulifunditsa udzu, m'mawa uliwonse kulithira madzi kuti lisang'aluke, madzi ake apamjigo, azakhali atawapanga mzere kuyambira mbandakucha. Azakhali kukalipa kuti madzi akumwa ana mukumwetsa bwato, iwo ziii, kumangosoka ukonde. Tsiku lina anayenda wapansi kulowera ku Chisi pamatope ong'ambika kuti akaone madzi athera pati, anabwerako usiku zidendene zikuchucha magazi, agogo anawathowa ndi madzi otentha uku akuwatukwana. Madzi atabwerera bwato loyamba kulowa linali lawo, aja anagulitsa aja kumabwera kudzapempha ganyu yopalasa. Eee. Munthu uja.

Ndimati chani kodi... eya, mchere. Kale ankaukolola, kuunyamula pa abulu nkuuunjika milu m'mbali, anasiya 1986. Tsidya lake kuli mzikiti wa Hala Sultan Tekke pakati pa mitengo ya kanjedza, mmene muli manda a Umm Haram, mayi wa m'nthawi ya Mtumiki Muhammad, akuti anagwa pa bulu nkumwalira pomwepo. Akhristu nawo ali ndi yawo, amati Lazaro yemwe uja anaukitsidwa anadzakhala bishopu kuno, anapempha mphesa kwa mayi wina, mayiyo anamumana kuti munda wauma, basi munda wonse unasanduka mchere. Mayi anu akamva imeneyi sagona.

Nde mbalamezo zimabwera mvula ikagwa, kuno imagwa nthawi yozizira, kuyambira November mpaka cha mu March, zimafika zikwizikwi, mutu uli m'madzi chozondoka kusefa tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi amcherewo, ndi timene timazipatsa pinki uja. August mudzapeza mchere ndi dzuwa basi, olo imodzi simudzaiona, ndipo mtima undipweteka mutawononga ndalama munavutikira chonchi. Bwerani January.

Mwandimva asuweni? Musagule ya August, ndalamazo zisungeni mpaka January, muyambe za visa pompano chifukwa zimachedwa. January. Ndipo mutenge jekete, mphepo ya pa nyanjapo simasewera.