Kodi membrane payokha ingateteze mabolodi a padenga lafulati?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akumanga denga lafulati, wayala mabolodi a PIR otchinga kutentha, pamwamba pake pabwera membrane yotchinga madzi. Nkhawa yake ndi amisiri oika masola amene adzakhale akupondaponda pamenepo. Akufunsa ngati membrane payokha ingateteze mabolodiwo.

Ayi, singateteze. Membrane ntchito yake ndi madzi basi. Ya pulasitiki wa PVC kapena TPO nthawi zambiri siposa mamilimita 2, choncho katundu yense amathera pa bolodi ya pansiyo. Taganizirani mwendo wa makwerero, munthu ali pamwamba, kulemera konse kwaunjikana pakamalo kakang'ono. Bolodi imabonyoka, madzi a mvula n'kumadikha pakadzenjepo. Choipa kwambiri n'chakuti bolodi ikatsika, sikuluwu yoigwira siitsika nawo. Mutu wake umatsala utatukuka, n'kuyamba kuboola membrane kuchokera mkati, inu osadziwa kanthu mpaka siling'i itachita mawanga.

Mankhwala ake ndi kuika bolodi ina yolimba pakati pa mabolodi a PIR ndi membrane, imene amisiri amaitcha cover board. Ilipo ya gypsum yokutidwa ndi fiberglass, ilipo ya simenti, ndipo zambiri zimakhala zokhuthala mamilimita 6 mpaka 12. Imamwaza kulemera kuja, imathandizanso matalala akagwa. Poyala, molumikizira mwake musagwere ndendende pamene alumikizana mabolodi a pansi. Aphonyanitseni ngati njerwa pakhoma.

Inu muli ndi PIR, koma ena owerenga pano ali ndi mabolodi a polystyrene, pulasitiki woyera wopepuka uja, ndiye ndinene: PVC isakhudzane nayo. Mankhwala ofewetsa PVC amasamukira mu polystyrene, membrane n'kuuma gwa, kenako kung'aluka. Pamafunika chinsalu cholekanitsa. Moto wowotchera membrane ya phula umasungunulanso polystyrene, chimodzimodzi guluu wina wa fungo lamphamvu.

Mdani wina ndi chinyezi, ndipo apa mpamene ndimakwiya ndi amisiri othamanga. Amayala denga lonse m'mawa, dzuwa n'kulowa atavindikira theka lokha. Bolodi ikanyowa n'kutsekeredwa mkati, dzuwa likawomba membrane imachita matuza. Yalani okhawo amene mungavindikire tsiku lomwelo, m'mphepete mutseke musanaweruke.

Kwa a masolawo, ayalireni mapulayiwudi poyenda ndi poika zida. Akamaliza, mumate tinjira tokhazikika ta membrane yokhuthala, kuchokera pokwerera kukafika pa masolawo, chifukwa otsuka adzabwerabe.