London Calling ndi punk ndithu

Achimwene, mwafunsa ngati London Calling, chimbale cha gulu loimba la ku Britain la The Clash, ndi punk (mtundu wa nyimbo za rock zaukali) yeniyeni poti mukumvamo reggae ndi ska. Kusakaniza komweko n'kumene kunakopa olemba za nyimbo. Chimbalechi chinatuluka ku Britain mu Disembala 1979 ndi nyimbo 19, wojambula nyimbozi anali Guy Stevens. Ku America chinafika mu Januwale 1980, n'chifukwa chake magazini ya Rolling Stone inachitcha chimbale chopambana cha zaka za m'ma 1980. Ukali wa punk ulipobe, taonani pachikuto: Paul Simonon, woimba besi wa gululi, wawerama, akumenyetsa gitala yake pansi ku New York. Ine ndimati yambani ndi nyimbo ya The Guns of Brixton, besi yake ndi yolemera zedi.