Siyani mphepo, yendetsani sensayo

Imelo yanu, achimwene, yandigunda pachilonda. Mukuti mwapanga kasensa ka waya wotentha koyezera mphepo yosafika mita imodzi pa sekondi, ndiye mukufunsa ngati fani ya kompyuta ndi paipi zingakwanire pokachuna. Inenso ndinayambira pomwepo, ndipo miyezi itatu inapita m'madzi.

Ndinamata fani kumapeto kwa paipi ya katoni, n'kubwereka anemomita ya kamphero, chipangizo choyezera liwiro la mphepo, kuti ikhale mboni yanga. Mboniyo inandichititsa manyazi. Mphepo ikachepa, kamphero kamangoti duu, mpaka ndikagogode ndi chala. Sensa yanga nayo, ndikaisuntha sentimita imodzi yokha, nambala zimasintha. Ndinasintha waya, ndinamukayikira amene anandigulitsa, ndinaphwasula zonse kawiri. Chinandiululira ndi utsi wa kandulo yongozimitsa kumene: mphepo ya fani imatuluka ikupota ngati kamvuluvulu. Ndinadzaza timapaipi tomwera zakumwa m'kati muja, kupotako kunachepa ndithu, koma liwiro lenileni panalibebe wondiuza.

Ena akuuzani za chubu cha Pitot, chomwe chimayeza liwiro la mphepo potengera mphamvu yake yokankha. Musavutike nacho. Pa mamita 0.5 pa sekondi, mphepo imakankha ndi mapaskalo (muyeso wa mphamvu yokankha) 0.15 okha, pamene kukweza madzi a m'choyezeracho milimita imodzi kumafuna mapaskalo 9.8. Mudzangotopetsa maso. Chubucho n'cha ndege, osati cha kamphepo kolowera pansi pa chitseko.

Ndipo waya wotenthayo ndi kamberembere. Umatenthetsa mpweya wouzungulira, mpweyawo n'kumakwera m'mwamba, ndiye sensa imawerenga kamphepo kodzipangira yokha. Lamulo la King la 1914, lofotokoza mmene mphepo imaziziritsira waya wotentha, lomwe ambiri amangolikopera, limagwira bwino mphepo ikakhala ndi mphamvu, koma kuyandikira ziro limaphonya. Tsiku lina ndinakondwa kuti ndapeza nambala zabwino, osadziwa kuti ndikuyeza mpweya wotuluka m'mphuno mwanga momwe.

Ndiye ndinene mosapsatira: kuchuna sensa poyerekeza ndi chipangizo china chosachunidwa ndi kudzinamiza. Tepi yoyezera ndi wotchi ndizo sizinama. Benjamin Robins, katswiri wa ku England, anazindikira zimenezi m'ma 1740, pomwe ankamangirira zinthu pa mkono wozungulira n'kuzidutsitsa mu mpweya wongokhala.

Chochita

Tsekani mawindo ndi zitseko, mudikire mpweya ukhazikike. Mangani sensa pa mkono wa chinthu chozungulira paliwiro lodziwika. Galamafoni yakale imazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi, choncho sensa ikakhala masentimita 10 kuchokera pakati, ikuyenda mamita 0.35 pa sekondi, ndipo pa masentimita 20 ndi 0.7. Batire ndi cholembera nambala zikwere nawo pomwepo, apo ayi mawaya apotana. Werengani maulendo oyambirira okha, chifukwa mkono umayamba kukoka mpweya kuti uzizungulira nawo.

Pansi pa mamita 0.2 pa sekondi, gwiritsani ntchito madzi. Chigubu chotseka bwino chikamatuluka madzi pansi, chimayamwa mpweya wofanana nawo kudzera m'paipi yapamwamba. Malita 20 m'masekondi 100, pa paipi ya mamilimita 50, ndi pafupifupi mamita 0.1 pa sekondi. Koma pakatikati pa paipi liwiro limakhala kuwirikiza kawiri nambala imeneyi, bola paipiyo ipitirire mita kutalika mpweya usanafike pa sensa. Lembaninso kutentha kwa chipinda nthawi iliyonse, ndipo sensa muichune itaima momwe idzaimire pa ntchito yake.