Akuonetseni pepala la chilolezocho kaye

Achimwene, zodinda matisheti okhala ndi chithunzi cha mutu wa gitala yotchuka (kunsonga kuja kokhala zochunira nsambo) chifukwa wokugulitsani chithunzicho wati chilolezo ali nacho, imani kaye. Inenso wina anandiuza mawu omwewo mochita kulumbira. Ndinadinda matisheti ndi zipewa, n'kusemanso magitala angapo a mutu womwewo. Kenako kalata ya maloya: siyani kugulitsa, wonongani katundu yense, tumizani umboni. Tsamba la pa intaneti lomwe ndimagulitsirapo linatseka akaunti yanga ndalama zili momwemo.

Matisheti sanandipweteke kwambiri. Chinandipweteka ndi macheka. Ndinamasula nsambo, kuchotsa zochunira chimodzichimodzi, kupanikiza khosi la gitala pa benchi, n'kudula mutu womwe ndinaupala ndekha mpaka kusalala, vanishi akununkhabe. Manja akunjenjemera, utuchi ukuthothokera pamapazi, foni ili apo ikujambula kuti maloya akhutire. Nanga mwini chilolezo uja? Foni osayankha, kenako nambala anasintha. Mbava yeniyeni ameneyo, ndipo mtima umandiwawa ndikaganiza kuti akunamizabe ena.

Dziwani kuti thupi la gitala ndi mutu wake ndi milandu iwiri yosiyana. Kampani yopanga magitala ya Fender inafuna kulembetsa thupi la magitala ake a Stratocaster, Telecaster ndi Precision Bass ngati chizindikiro chake cha malonda ku America, inakanizidwa mu 2009 poti makampani ambirimbiri anali atapanga kale mathupi oterowo kwa zaka zambiri. Koma mutu wa magitala a Fender ndi wolembetsedwa, mukaukhudza akupezani. Kampani ina ya magitala, Gibson, inasumira inzake ya PRS pa thupi la gitala ya Singlecut, PRS inawina pa apilo mu 2005. Mlandu wa Gibson ndi kampani ya magitala a Dean pa gitala ya Flying V unayamba mu 2019, Dean inaluza mu 2022 n'kugamulidwa kulipira $4,000 yokha, koma anakokanabe mpaka kuzenganso mu 2025. Tangoganizani zomwe maloya anadya zaka zonsezo.

Ndiye kalata ikakufikani musachite nayo mantha, si chigamulo cha khothi ayi. Musadule chilichonse loya asanaone ngati chizindikirocho chinalembetsedwa m'dziko lomwe mukugulitsamo, komanso ngati chimakhudza zovala. Kaya, mwina mungawine. Komabe ine ndikuti musalimbane nawo ngati thumba lanu si la PRS. Jambulani mutu wanuwanu, ndipo wokugulitsani chithunzi uja akakana kuonetsa pepala lokhala ndi dzina la kampani komanso siginecha, mubwezereni chithunzi chake lero lomwe.